Nkhoko ya M'ketulo ya Apongozi

Mng'ono wanga Sidónio ali ndi mtima wabwino, ndipo nthawi zambiri chimene chimamupweteketsa ndi chomwecho. Anthu ena akafuna kuchita chinthu amayamba akhala pansi n'kuganiza. Iye akangomva chisoni, manja amayamba ntchito mutu ukadali mtulo. Ndamudziwa choncho kuyambira ali wamng'ono, koma nkhani ya ketulo ija ndikaikumbukira mpaka lero mtima umandiwawa.

Anafika pa shedi yanga Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndine Isac, ndimakhoma ndowa, mbaula ndi makheni othirira dimba kuseri kwa msika wa Milange, mbali ya msewu wopita kumalire. Sidónio amakhala ku Mongue, kwawo kwa mkazi wake Suzete, ndipo amadyera njinga: amanyamula matumba a chimanga, a nandolo, nthawi zina anthu, kupita nawo kumalire. Tsiku limenelo pakaliyala panalibe thumba. Panali kamtolo kokulunga m'chitenje, komanga ndi malegeni mobwerezabwereza ngati m'katimo muli nkhuku yofuna kuthawa.

"Mano, ndapalamula," anatero asanandipatse ndi moni womwe. "Mano" ndi mmene timaitanira achimwene kwathu kuno.

"Wagunda munthu?"

"Bola ndikanagunda munthu."

Anamasula kamtolo kaja. Munali ketulo yaikulu ya aluminiyamu, chogwirira chake chokulunga ndi waya. Ndinaizindikira pomwepo. Aliyense amene anakhalapo pakhonde la mayi Ofélia, apongozi ake a Sidónio, anamwapo tiyi wa m'ketulo imeneyo. Inenso ndinamwa tsiku limene tinapita kukafunsira Suzete, chifukwa nkhoswe wa ukwati umenewu ndine. Malemu amuna awo, bambo Pascoal, anaigula ku Malawi nthawi ya nkhondo, banja lonse lili kumsasa wa othawa kwawo, ndipo mtendere utabwera mayi Ofélia anaisenza pamutu kuwoloka nayo mtsinje wa Ruo. Zinthu zina zonse za nthawi imeneyo zinatha, mabulangete, mbale, ngakhale mwini wakeyo. Ketulo yokha ndiyo inatsala.

Ndinavundukula. M'kati munali mbee, mowala ngati yangochoka m'sitolo. Ndinaikweza kuloza kudzuwa n'kusuzumiramo, ndipo kuwala kunalowa pansi pake m'timabowo tosawerengeka, ngati sefa ya ufa.

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndatsuka," anayankha motsitsa mawu.

Kuti mumvetse mantha ake, muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili pakhomo paja. Kwathu kuno mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi, ndipo banja likatha amanyamuka ndi zovala zake zokha, ana amatsala. Sidónio ali ndi mwana mmodzi, Armanda, kamtsikana kamene sikagona bambo ake asanakazungulitse bwalo panjinga. Ndiye Lamlungu lomwe linkabweralo ankhoswe tinali titaitanidwa kuti tikambe ngati Sidónio apitirize kukhala pamudzipo kapena ayi.

Mlandu wake unali wa njinga yomweyo. Abale a Suzete ankadandaula kuti mkamwini wawo amakonda msewu kuposa khasu. Zimenezo zikanatha ndi kukalipa chabe. Koma mwezi wapitawo mayi Ofélia anagwa kumunda ndi ululu wa m'chiuno, ndipo pofuna wowanyamula kupita nawo kuchipatala, mkamwini mwini njinga anali ku Muloza ndi matumba a munthu wina. Anakwezedwa pa njinga ya mwana wa neba, yopanda ndi mabuleki omwe, mudzi wonse ukuona. Kuchipatala anati ndi impso, azimwa madzi ambiri owiritsa. Anachira, koma manyazi aja sanawaiwale.

Sidónio ankafuna kupepesa, koma akanapepesa bwanji? Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mawu alionse amadzera mwa mkazi. Mabanja ambiri masiku ano anazisiya zimenezi, koma mayi Ofélia anazigwira ndi manja awiri. Chikwatirire, mng'ono wanga anali asanamvepo mawu awo akulankhula kwa iye. Ankadziwa bwino msana wawo ndi chitenje cha kumutu kwawo. Anatuma Suzete kuti akawapepesere, ndipo yankho limene linabwera linali lakuti amva.

"Ndiye unaganiza zowapepesa ndi ketulo?" ndinamufunsa.

Anakhala pa chidebe chogadabuza n'kuyamba kufotokoza. M'mawa wina anaona Suzete akutaya zotsalira za m'kapu ya mayi ake, ndipo pansi panagwa tizidutswa toyera ngati makoko a dzira. Atasuzumira m'ketulo mobisa, anapeza m'kati monse mwamera nkhoko yoyera, yolimba, yochindikala ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Madzi a pa mjigo wa kumeneko ndi amchere pang'ono, ukamawiritsa amasiya zimenezo. Iye anangolumikiza yekha m'mutu mwake: miyala m'ketulo, ululu m'impso. Anatsimikiza kuti apongozi ake akumwa matenda awo m'mawa uliwonse, ndipo palibe amene akuona koma iye.

Kumalire kuli mayi wina, Ana Paula, amene amagulitsa tiyi kwa onyamula katundu. Maketulo ake amakhala oyera m'kati nthawi zonse. Sidónio anamufunsa chinsinsi, ndipo mayiyo anamuuza mosabisa: dula mandimu ambiri, finyira m'madzi, ponyamo ndi makoko omwe, wiritsa, usiye zizizire, nkhoko imachoka yokha. Malangizowo anali oona, ine sindimuda mayi ameneyo. Kungoti maketulo ake ndi atsopano.

Lachisanu m'mawa Suzete ndi mayi ake atapita kukathyola nandolo, Armanda ali naye kumbuyo, mkamwini analowa m'khitchini ya apongozi, malo amene phazi lake silinayenere kupondamo. Anali atathyola mandimu odzaza chipewa. Akuti madzi atayamba kutentha munayamba kutuluka thovu, nkhoko ikusweka, ikuphulikaphulika, iye n'kumaseka yekha. Atataya madziwo anaona kuti pansi patsalabe zina zokakamira, ndiye anawiritsanso ndi mandimu ena. Zotsala anapala ndi supuni, n'kumalizira ndi mchenga. Apa ndinagwira mutu, chifukwa za supuni ndi mchenga Ana Paula sanamuuze, anawonjezera yekha mwa chikondi chake.

"Inawala, mano. Ukanaona mmene inawalira. Ndinathiramo madzi abwino kuti akabwera apeze atawira kale. Ndangoika pamoto, ndikumva tsii, tsii. Ndimayesa ndi madzi a kunja kwake. Ndinapukuta, ndikuikanso, tsii, tsii, mpaka moto unazima."

Ndinamuuza zoona, ndipo sindinasankhe mawu. Ketulo ija inabooka kalekale. Aluminiyamu akakalamba amadyeka pang'onopang'ono, ndipo chimene chinkatseka timabowo tija ndi nkhoko yomwe iye anaichotsa ndi mtima wake wonse. Mayi Ofélia sankakwecha m'kati, ankangotsukuluza, ndipo sikuti anali auve. Mwana aliyense wobadwira pakhomo paja ayenera kuti ankadziwa lamulo limenelo. Koma ndani akanauza mkamwini? Mwamuna satsuka ziwiya za apongozi, ndiye panalibe chifukwa chomuchenjezera.

"Mata, mano. Iwe umamata chilichonse."

"Ndowa ya malata ndimamata. Mtovu sugwira pa aluminiyamu. Likanakhala bowo limodzi ndikanakhomapo chigamba ndi riveti, koma apa ndikhoma pati? Taona, pansi ponse pafewa ngati pepala, mpaka m'mbali momwe muno. Ndikangomenya kamodzi ing'ambika."

"Ndiye nditani?"

"Kwera njinga, ubwerere pompano. Ukafike dzuwa lisanalowe. Ukamuitanire Suzete kumbali, umuonetse, umuuze zonse monga wandiuzira ine. Akakalipa, akakalipe. Lamlungu ndibwera ndi ketulo yatsopano, tidzagwada limodzi."

Anapukusa mutu. Anati sangabwerere ndi chinthu chobooka, pamene anali atatsala pang'ono kuchita chabwino. Anati wamva kuti tsidya linalo, ku Limbuli, kuli mmisiri wowotcherera ndi gasi amene amatha aluminiyamu. Ndinamukalipira mpaka anzanga a mashedi oyandikana anasiya kukhoma n'kumamvetsera. Ndinamuuza kuti ketulo yobooka ndi nkhani yaing'ono, koma ketulo yosowa ndi nkhani ina. Anandiyang'ana ndi maso ofiira, anamanganso kamtolo kake, n'kupalasa kulowera kumalire.

Anagona kwanga tsiku limenelo, mmisiri uja atamuuza kuti abwere mawa. Foni yake inalira kangapo, nambala ya a Silvestre, amalume ake a Suzete. Ankangoiyang'ana ikulira mpaka kusiya, kenako anaizimitsa. Loweruka anawolokanso, ndipo anabwera madzulo akukankha njinga m'malo moikwera. Moto wa gasi unali utangokhudza pansi pa ketulo, chitsulo n'kusungunuka. Pamene panali timabowo ta nsonga ya singano tsopano panali bowo lolowa chala changa chachikulu, lakuda m'mphepete. Sindinamukalipirenso, panalibe chotsala chokalipira. Mkazi wanga anamuikira chakudya, iye anangochiyang'ana.

Lamlungu tinanyamuka m'mamawa, iye pa njinga yake, ine pambuyo pake pa njinga yamoto ya hayala, nditanyamula ketulo yatsopano imene ndinagula mumsika. Inali yopepuka, ya chitsulo chopyapyala cha masiku ano, ndipo ndinkachita nayo manyazi. Msewu wa ku Mongue ndi fumbi lokhalokha nyengo imeneyo. Tinafika anthu atangoweruka kutchalitchi, tonse tili mbuu ngati tachokera kuchigayo.

Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a Silvestre. Panali iwo, azakhali awiri, ndi ena amene sanaitanidwe koma anapeza chifukwa chodutsira pomwepo. Suzete anakhala chapatali, Armanda ali pamiyendo pake. Mwanayo ataona bambo ake anafuna kudumpha, koma mayi ake anamugwira dzanja. Mayi Ofélia anakhala pa mphasa yawoyawo pafupi ndi nkhokwe, atatifulatira, chitenje chitaphimba mutu monga mwa nthawi zonse.

A Silvestre ndi munthu wofatsa, salankhula mokweza. Anati nkhani imene anatiitanira inali ya munda ndi ya matenda aja, ndipo kunena zoona iwo anali atakonza zoti angomulangiza mkamwini n'kumusiya. Mlongo wawo, mayi Ofélia, anali atafewa. Sidónio anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali.

"Koma Lachisanu pachitika zina," anapitiriza a Silvestre. "Alongo anga pobwera kumunda anapeza ketulo palibe. Anafuna paliponse. Analira ngati pagwa maliro, ine ndinathamanga kuyesa kuti wina watisiya. Ndiye anthu anati aona akamwini akutuluka ndi kamtolo, kulowera njira ya ku fronteira, kumalire. Mukudziwa nokha, a Isac, kuti chinthu chikalowera kumeneko sichibwerera. Koma mwana wathuyu anakana."

Anatembenukira kwa Suzete, amene anali atayang'ana pansi.

"Anaima pabwalo pano, anthu onse akumva. Anaika dzanja pamutu pa mwana wakeyo n'kulumbira kuti mwamuna wake sanakhudze ketulo. Sanalekere pomwepo. Anawaloza chala mayi ake, kuti aibisa okha n'cholinga choti mkamwini athamangitsidwe. Anati anamuda kuyambira tsiku loyamba. Anatchula ndi zina zimene sindingabwereze. Chichitikire zimenezo, awiriwa sanadyere mbale imodzi. Ndiye ife tikufuna timve kwa eni ake. Ngati akamwini sanatenge, anene, tikafune kwina."

Ndinkamva nkhunda zikulira padenga. Sidónio anadzuka, anapita pa njinga yake, anamasula malegeni aja limodzilimodzi, n'kubwera ndi kamtolo. Anagwada, anakayala pakati pa bwalo. Ketulo inagubuduka pang'ono n'kuima chogona, bowo lija litaloza kwa anthu.

Suzete sanakuwe. Anangotulutsa kamawu kakang'ono, ngati munthu amene waponda munga, n'kuchotsa dzanja lake pamutu pa mwana.

Ndinalankhula ine, chifukwa ndiyo ntchito ya nkhoswe. Ndinafotokoza zonse, za tizidutswa toyera m'kapu, za impso, za mandimu, za ku Limbuli. Ndinati mng'ono wanga ndi wopusa, zimenezo sindingamuikire kumbuyo, koma si wakuba. Ndinati munthu amene akufuna kugulitsa chinthu sachitsuka mpaka kuchiboola. Mmodzi wa azakhali aja anaseka mosafuna n'kudzitseka pakamwa. Ndinaika ketulo yatsopano pambali pa yakaleyo ndi manja awiri, ndipo ndinaona nkhope ya a Silvestre ikumasuka. Ndinayamba kukhulupirira kuti tapulumuka.

"Suzete, wamva," anatero a Silvestre. "Ukuti bwanji?"

Polankhula sanayang'ane amalume ake, anayang'ana mwamuna wake.

"Mukanandiuza ine. Epa, ine ndimagona nanu nyumba imodzi. Mukanangoti, Suzete, ndikufuna kutsuka ketulo ya amayi, ndikanakuuzani kuti m'kati sitikhudza. Chabwino, mwaboola. Mukanabwera kumunda kudzandinong'oneza. Mwathawa. Amalume akuimba foni, mwazimitsa. Ine ndatukwana mayi anga ondibala chifukwa cha inu. Ndalumbira pamutu pa mwana uyu. Usiku wonse ndakhala ndikumugwira pachipumi kuona ngati watentha thupi." Anapitiriza osachotsa maso pa iye. "Pamudzi pano ndinali ndekha wokuikirani kumbuyo. Lero ndikatsegula pakamwa, ndani andikhulupirirenso? Ine ndatopa, malume. Pronto, basi, ndatopa."

"Suzete," anatero Sidónio, "ndimafuna ndibwere nayo ili bwino."

Suzete anayamba kumasula tsitsi la Armanda limene linali lolukidwa kale bwinobwino, n'kumalilukanso.

Apa m'pamene mphasa ya pafupi ndi nkhokwe inachita phokoso. Mayi Ofélia anadzuka pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno. Anabwera pakati pa bwalo, anatola ketulo yawo, anaitembenuza, anapisa chala pabowo paja. Kenako anakhala pansi pomwepo, moyang'anizana ndi mkamwini wawo, n'kutsitsa chitenje kuchoka kumutu kufika m'mapewa. Tsitsi lawo linali loyera lonse. Anamuyang'ana m'maso.

"A Sidónio," anatero.

Mng'ono wanga anadzidzimuka. Anandigwira bondo n'kundinong'oneza, nkhope yake itawala ngati ya mwana: "Mano, akundiyankhula."

Apongozi akafuna kumasukirana ndi mkamwini mwaubwino, amayamba atumiza mawu kwa ankhoswe, pamaphedwa nkhuku, anthu amalulutira. Apa panalibe nkhuku, panalibe nthungululu. Mayi ngati amenewa akavula chitenje popanda zonsezo, n'kumutchula mkamwini dzina poyera, ndiye kuti pamaso pawo palibenso mkamwini. A Silvestre anamvetsa, anagwetsa nkhope. Azakhali aja anamvetsa. Mwini nkhani yekha ndiye ankamwetulira.

"Ndamva kuti mumafuna kundichiritsa," anatero mayi Ofélia. Mawu awo anali ofatsa, opanda ukali. "Zikomo. Sindinama, zandikhudza. Ketulo iyi inayamba kudontha chaka chimene anamwalira bambo a Suzete. Ndinkaika mbale pansi pake. Atatikumbira mjigo, madzi ake anayamba kusiya zoyera zija, ndipo inasiya yokha kudontha. Ndinati basi, ikhale choncho mpaka ndidzafe. Tiyi wanga ndimasefa, miyala sindimwa. Mukanafunsa."

"Ndikanafunsa bwanji, mayi?" anatero Sidónio. "Ine ndi inu sitiyankhulana."

"Si apa tikuyankhulana."

Kumwetulira kuja kunayamba kuchoka pang'onopang'ono. Anayang'ana kwa Suzete, kenako kwa a Silvestre, kenako kwa ine.

"Za ketulo ndakhululuka, ndi chitsulo ichi," anapitiriza mayiwo. "Koma mwana wanga wanena kuti watopa, ndipo ine sindimukakamiza. Armanda ndi wanu, palibe adzakukanizeni kumuona. Mukabwera muzifikira pakhonde panga, ndizikulandirani monga ndimalandirira mlendo aliyense."

Thupi la Sidónio linachita zimene linazolowera: anapinda mapewa, anagwetsa nkhope, anatembenukira kumbali kuti asawayang'ane. Anakhala choncho atagwada m'fumbi, misozi ikugwera pa mawondo a buluku lake, ndipo ine ndinalira naye, mwamuna wamkulu wa imvi, pamaso pa anthu a mudzi wa eni.

Mayi Ofélia anatambasula dzanja n'kumukhudza paphewa.

"Dzutsani mutu, a Sidónio," anatero. "Palibenso chochitira nane manyazi."